Anapiye a pa kashopu ka ku Lunzu: ndi abwino koma funsani tsiku lomwe aswedwa

Amene mukufuna anapiye oti mupatse thadzi lofungatira m'malo molimbana ndi mbaula usiku onse, kashopu ka zakudya za ziweto kali chakuseri kwa msika wa Lunzu ine ndakapatsa 4 pa 5. Ndinaodako a mikolongwe, akuda aja, anabwera amphamvu bwinobwino, maso owala, kumbuyo kouma, palibe ofooka olo mmodzi.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi mayi ogulitsawo, bola iwo sakhala busy ndi foni ngati ena. Nditangonena kuti ndikukapatsa nkhuku yachikuda anandifunsa kaye kuti yakhalira mazira nthawi yaitali bwanji, chifukwa nkhuku imaswa pa masiku 21, ndiye ukaipatsa anapiye itangoyamba kumene kufungatira imawajompha mpaka kupha, siikhala itakonzeka. Yanga inali itakwanitsa nthawi pa mazira osukusa ndiye zinali bho. Anati ndidikire kude kenako ndizichotsa dzira ndikulowetsa kamwanapiye pansi pa phiko mwakachetechete, osayatsa tochi kumaso kwake, ndipo m'mawa ndilawire kukaona. Ndinapeza ikuwaitana ndi kamawu kake kaja, onse ali pansi pake mitu yokha ikusuzumira. Anandiuzanso kuti ndisachite dyera, yachikuda ndi yaing'ono thupi, ongokwana pansi pa mapiko basi otsala amafa ndi mphepo makamaka June ndi July.

Pomwe ndachotsa 1 ndi apa. Oda ikachedwa kutha amasakaniza anapiye atsopano ndi otsala mu katoni imodzi osakuuzani, ndipo ukaona ena atayamba kale timthenga ta m'mapiko totalika dziwani kuti akula. Kwa oweta pa babu kapena makala palibe vuto, koma kwa ife opatsa thadzi ndi nkhani yaikulu, mwanapiye akadutsa masiku atatu amakhala wazolowera moyo opanda make, samvera akaitanidwa, amangoyendayenda pakona akulira ndipo thadzi limamuona ngati mlendo. Ndiye sankhani nokha mmodzimmodzi olo akuyang'aneni moipa, ndalama ndi yanu. Chinanso chick starter, chakudya cha anapiye chija, amapimira m'majumbo opanda lebulo, sudziwa kuti ndi wa kampani iti kaya wasakanizidwa ndi gaga, ine ndimakonda andionetse thumba lenilenilo.

Katemera wa chitopa wa I-2, odonthezera m'diso uja, amamusunga mu firiji osati pa shelefu padzuwa ngati malo ena, apa ndiwayamike. Mankhwala a utitiri aliponso, gulanitu chifukwa nkhuku yofungatira imadzadza utitiri koopsa ndipo umatsikira pa ana. Kulipira amalola Airtel Money ndi Mpamba. Pitani ndi katoni yanu yoboola, zawo zimatha msanga, ndipo sabata yoyamba thadzi ndi ana ake muziwatsekera kwaokha kuopa akabawi ndi nkhuku zinzake.