Masiku 7 m'nyumba ya matayala, kuchoka Perth mpaka Adelaide

Abale anga kumudziko, chiponyereni zithunzi zija pa Facebook foni yanga sikupuma. Wina akuti achimwene ndiye mwaphulatu, mwagula nyumba yoyenda eti, wina akufunsa kuti ndi ndalama zingati, azakhali mpaka anachita kuimba ali ndi nkhawa kuti mwina atithamangitsa pa lendi ndiye tayamba kugona m'galimoto kkkkk. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi nonse mumvere limodzi, chifukwa zithunzi zija zikunama, zangokuonetsani nyanja ndi dzuwa likulowa, sizinakuonetseni ine nditanyamula chimbudzi m'manja.

Choyamba galimotoyo si yanga. Kuno ku Australia amaitchula motorhome ndipo pali makampani obwereketsa. Tsono zimachitika kuti alendo aitenga mzinda uno n'kukaisiya mzinda wina, kampani ikuifuna ibwerere, ndiye m'malo molipira dalaivala amangoipereka kwa munthu amene akulowera komweko pa dola imodzi patsiku, bola ukaifikitse tsiku limene akuuza. Ife tinapeza yochoka ku Perth kupita ku Adelaide, makilomita pafupifupi 2,700, masiku 7, mwezi wa Ogasiti umene kuno ndi nyengo yozizira. Alamu anga, mlongo wawo wa madamu, amasamukira ku Adelaide kukayamba sukulu ndiye tinati bwanji tiwaperekeze, katundu wawo akwere momwemo. Laisensi yoyendetsera motorhome ndi yomweyi ya galimoto yaing'ono, bola galimotoyo isapitirire matani 4.5.

M'katimo muli zonse koma chilichonse ndi chaching'ono ngati cha masanje. Kumbuyo kuli tebulo ndi mipando, usiku umatsitsa tebulolo, kuyala makushoni, basi yasanduka bedi. Pamwamba pa dalaivala pali kabedi kena kokwera ndi makwerero, kumeneko ndi kumene ankagona alamu, ndipo mmawa uliwonse ankadzuka ndi kugunditsa mutu kudenga, moti alamu yotidzutsa ife anali alamu omwewo. Ndiye pali sitovu ya gasi, kasinki, kafiliji, ndi kachipinda kamodzi komwe muli shawa ndi chimbudzi pamodzi, ukalowamo zigongono zimagunda khoma uku ndi uku.

Phunziro loyamba tinalilandira tisanatuluke n'komwe mu Perth. Pa raundabauti yoyamba kabati inatseguka, mapoto, mbale, thireyi ya mazira zonse pansi, phokoso lake ngati wina watiomba kumbuyo. Madamu anangoti "Abambo, taimani kaye", ine poti ndiime palibe. Kuyambira pamenepo tisanalize injini mmawa zinali ngati katekisimu: gasi watsekedwa? kazenera ka padenga? chingwe cha magetsi tazula? makabati onse adinidwa? sitepe yalowa? Ndipo musaganize kuti galimoto ikamayenda wina amakhala akukazinga mazira kapena wagona pabedi monga ndinkaganizira ine, ayi ndithu, lamulo ndi loti aliyense akhale pampando atamanga lamba.

Koma mfumu ya ulendo wonsewu ndi madzi. Thanki yathu inali ya malita pafupifupi 100, anthu atatu, kumwa, kuphika, kutsuka mbale, kusamba ndi kugujumula omwewo. Kuchoka Perth kulowera ku Coolgardie msewu umayenda limodzi ndi chipaipi chachikulu cha madzi, anachimaliza mu 1903, chimatenga madzi ku damu la Mundaring kufupi ndi Perth mpaka ku migodi ya golide ya ku Kalgoorlie, makilomita oposa 500. Tsiku loyamba ndinkangochiyang'ana ngati chinthu wamba. Pofika tsiku lachitatu ndinamvetsa chimene anthu anavutikira kuchikoka mtunda wonsewo. Ukadutsa Norseman n'kulowa Eyre Highway, mpaka kukafika ku Ceduna makilomita pafupifupi 1,200, tauni yooneka palibe, kuli ma roadhouse basi, ndiye kuti pothirira mafuta pokhala ndi kalesitilanti ndi zipinda zogona, ndipo madzi kumeneko ndi ovuta moti sungangofika ndi paipi yako n'kuyamba kudzaza thanki ayi. Madamu anadzisankha okha kukhala nduna ya zamadzi. Kusamba kunali motere: tsegula, nyowa, tseka, paka sopo, tsegula, tsukuluza, tuluka. Ukapitirirako pang'ono pampu imakuulula, imalira drrrr galimoto yonse kumva, kenako umangomva kugogoda, "Abambo, mukuchapa bulangete mmenemo?" Mbale tinkayamba tazipukuta ndi pepala kenako n'kutsuka m'kabeseni ndi madzi a makapu awiri. Ndipo madzi akudawo sapita pansi, ali ndi thanki yawoyawo kunsi kwa galimoto, nayonso ikadzaza amayamba kubwerera pa shawa ndi fungo lake lomwe.

Tsopano nkhani ya chimbudzi, pepani amene mukudya. Pansi pa mpando uja pali chigubu cha pulasitiki, amati cassette, malita osafika 20, umathiramo mankhwala a buluu kuti zinthu zisungunuke komanso fungo lichepe. Kagetsi kofiira kakayaka ndiye kuti kwatha, wina atsegule kachitseko ka panja, asolole chigubucho, apite nacho pamalo otayira omwe amawatcha dump point. Zotaya patchire n'zoletsedwa. Tinavota, alamu anati iwo ndi mlendo, madamu anangondiyang'ana, basi ine ndinapambana popanda wopikisana naye. Ulendo woyamba kunali ku Norseman mmawa kukuzizira, ndafika, ndatsegula chivindikiro, ndapendeketsa, zinthu zikutuluka mokhavukira gubu gubu gubu, madontho ena pa nsapato. Kumbuyo kwanga kunali agogo ena achizungu akudikira ndi chigubu chawo, anangoseka n'kundionetsa kabatani kali kumapeto kwa chigubucho, ukakadina mpweya umalowa ndiye zonse zimatsika bwinobwino osakuwaza. Agogo amenewo ndi a gulu lija kuno amati grey nomads, anthu opuma pantchito amene amatha miyezi, ena zaka, akuzungulira dziko m'makalavani. Tinacheza pamenepo mphindi 20, aliyense chigubu chake pambali, ngati takumana pa ukwati. Iwowo ndi amene anandiuza kuti mwana wanga ukaona pampu ya mafuta thira, usamati ndikathira kutsogolo.

Ndipo ankanena zoona. Kuchoka Norseman kufika Balladonia ndi makilomita pafupifupi 190 popanda pampu, mtengo wa dizilo umakwera ukamalowa m'kati, galimoto yakenso ndi chibokosi chotalika kuposa mamita atatu, mphepo ikamachokera kutsogolo geji imatsika ukuiona. Ukadutsa Balladonia pali chikwangwani cha 90 Mile Straight, makilomita 146.6 osakhota ngakhale pang'ono mpaka ku Caiguna. Aliyense amajambulitsa pachikwangwanicho, nafenso tinajambulitsa, koma kuyendetsa kwake abale ndi tulo tokhatokha, chiwongolero umangochigwira ngati wachisungira munthu. Chimene chimakutsitsimutsa ndi ma road train, mathiraki okoka ngolo ziwiri kapena zitatu, ukamasemphana nawo mphepo yake imakankha nyumba yonse, mbale m'kabati n'kuyankha. Pena msewu umakula mwadzidzidzi n'kukhala ndi mizere yoyera ngati pabwalo la ndege, ndipo ndi bwalodi, ndege za madokotala a Royal Flying Doctor Service zimatera pamsewu pomwepo kukachitika ngozi. Madalaivala mukamasemphana mumakwezerana chala chimodzi pachiwongolero, moni wake ndi ameneyo, ndinazolowera moti wina akapanda kubweza zinkandiwawa.

Ku Caiguna nthawi imapita patsogolo ndi mphindi 45, inde 45, kenako ukalowa South Australia zinanso 45. Foni yanga ikunena zina, ya madamu zina, wotchi ya galimoto zina, mpaka tinangozisiya, njala ikatipweteka ndiye kuti nkhomaliro yakwana.

Dzuwa likayamba kupendeka tinkayamba kusaka pogona, chifukwa chakumadzulo makangaru amatuluka, ndipo mitembo yawo m'mbali mwa msewu ndi imene imakuuza kuti usachite makani, ziwombankhanga zili pamwamba pake kudya osathawa n'komwe. Masiku ena tinkagona ku caravan park, malo oimikapo makalavani usiku, kulipira, kulumikiza magetsi, kutchaja chilichonse, kuchapa zovala. Masiku ena pa rest area yaulere, patchire, palibe getsi palibe mpopi. Pamenepo choyamba ndi kupeza malo osapendekeka, ukalakwitsa usiku wonse umagubuduzikira kwa mnzako ndipo mafuta mu pani amathawira mbali imodzi. Magetsi amachokera ku batire yachiwiri ya m'nyumbamo, yosiyana ndi yolizira injini, ndiye filiji, pampu, mababu ndi mafoni atatu zonse zikuyamwa pomwepo, ketulo ya magetsi ndi mayikulowevu iwalani, zimagwira pokhapokha mwalumikiza ku caravan park. Netiweki inkapezeka tikayandikira roadhouse, tikachokapo yapita. Usiku woyamba wopanda netiweki tinakhala ngati anamfedwa, aliyense akungotsegula foni n'kutseka. Wachiwiri tinatulutsa mipando panja titafunda mabulangete, nyenyezi zili mbwee mpaka pansi penipeni, alamu n'kuyamba kufotokoza mmene akuopera sukulu imene akupitayo, zinthu zoti nthawi yonse imene takhala nawo nyumba imodzi sanatiuzepo.

Kuyambana nakonso kumabwera, tisanamizane. Anthu atatu m'kachipinda koti wina akafuna kudutsa mnzake akhale pansi kaye. Tinayambana ndi madamu chifukwa cha thaulo lonyowa limene ndinasiya pabedi, nkhani yopanda mutu, koma ukakwiya mu motorhome ulibe kolowera. Ndinatuluka mwaukali, kumenyetsa chitseko, kunja mdima wa ndiweyani, kuzizira, tchire mbali zonse, ndinazungulira galimoto kawiri n'kukagogoda. "Mwabwerako ku ulendo wanu uja abambo?" Alamu kumtunda kuja anadzivindikira ndi pilo koma kabedi kankachita kugwedezeka ndi phwete.

Dzina loti Nullarbor ndi la Chilatini, tanthauzo lake palibe mtengo, ndipo cha ku Nullarbor Roadhouse ndi chomwechodi, tizitsamba tolekeza m'mawondo mpaka kumene diso lathera. Pali chikwangwani chachikasu chochenjeza za ngamira, wombat (kanyama kakuno kokhala ku una) ndi kangaru. Msewu umenewu anamaliza kuuthira phula mu 1976, ndipo Edward John Eyre amene unatengera dzina lake anadutsa dera limeneli mu 1841 msewu kulibe, pamodzi ndi mnyamata wachiaborijini, mtundu wa eni nthaka akuno, dzina lake Wylie, ludzu likuwakwapula, tsono ine apa n'kumadandaula za shawa ya mphindi imodzi. Zithunzi munaziona zija ndi za ku Bunda Cliffs, pomwe dziko limangoduka, phompho kutsikira m'nyanja, ndi ku Head of Bight komwe anangumi amabwera kudzabereka miyezi yozizira. Tinaona mayi ndi mwana wake pafupi kwambiri moti kupuma kwake tinkachita kukumva, fuuuu. Usiku umenewo mphepo inagwedeza galimoto ngati bwato, sindinagone, ndinadzuka kawiri kukaona ngati handibuleki ndakoka.

Usanalowe mu Ceduna pali rodibuloko ya zaulimi, zipatso ndi zamasamba zambiri zosaphika sizidutsa, amaopa ntchentche zowononga zipatso, ndipo amalowa m'galimoto kutsegula filiji. Ife tinali ndi maapozi 9 ndi tomato. Madamu anati zogula ndi ndalama sizitayidwa, ndiye tinaima pambali makilomita angapo tisanafike, tomato yense anaphikidwa, maapozi atatuatatu aliyense, alamu lachitatulo ankadya misozi ili chilengelenge. Ndipo mukudziwa kumene zonsezo zinakathera, ndi amene anazinyamula.

Ku Adelaide tinafika tsiku la 7 masana kudzera ku Port Augusta, galimoto ili mbuu ndi fumbi, galasi lakutsogolo tizilombo tokhatokha. Tisanaibweze panali kusesa, kudzaza dizilo, kutaya madzi akuda ndi kutsuka chigubu komaliza. Dola imodzi patsiku ija mukaphatikiza dizilo, ma caravan park ndi matikiti a ndege obwerera sinalinso dola imodzi ayi, ndiye inu amene mumati ndalemera mwezi uno musandifulashe. Pobwerera ndege inangotenga maola atatu ndi kanthu, mtunda womwe tinaukwawa sabata yathunthu. Tafika kunyumba ndalowa m'bafa ndangozindikira ndatseka mpopi ndekha popaka sopo, popanda wondigogodera. Pano madamu ayamba kale kusaka ina, akuti yopita ku Darwin. Ndawauza kuti ndavomera bola chigubu chikhale chawo, mpaka lero sanandiyankhe.