Kukwera Sapitwa kudzera ku Likhubula: magaidi, onyamula katundu ndi nyumba ya Chisepo

Munthu wofuna kufika pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ya phiri la Mulanje, amalipira zinthu zitatu kuwonjezera pa ndalama yolowera m'nkhalango: gaidi, wonyamula katundu ndi malo ogona. Mwa zitatuzi, ndalama ya gaidi ndiyo yosadandaulitsa ngakhale pang'ono. Zinazo n'zabwino ndithu, koma zimafuna kuti mwini ulendo abwere atakonzeka, ndipo ambiri amazindikira zimenezi ali kale pamwamba.

Zonse zimayambira ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa Chitakale mumsewu wa ku Phalombe. Kumeneko mumalembetsa dzina, njira imene mudzere ndi masiku amene mukhale m'phiri. Magaidi olembetsedwa ali ndi ziphaso ndipo amapatsidwa alendo mosinthana. Dongosololi ndi labwino kwa iwo chifukwa aliyense amadyako, koma inu simusankha munthu, choncho mufunseni amene mwapatsidwayo kuti anafika liti komaliza pa Sapitwa. Funsoli si lachipongwe. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anagumula nthaka ndi miyala m'mbali zambiri za phirili, ndiye mukufunika munthu wodziwa njira monga ilili panopa. Anyamata amene amakuzingani mukangotsika minibasi pa Chitakale ena amalidziwadi phiri, koma wopanda chiphaso musiyeni. Zikakuvutani kumtunda, anthu adzayambira m'kaundula kukufufuzani.

Mtengo umawerengedwa pa tsiku, ndipo tsiku lotsika nalo ndi tsiku. Gwirizanani musananyamuke za masiku, za amene agule chakudya cha gaidi ndi wonyamula katundu, ndi zimene zichitike nyengo ikakubwezani musanafike pansonga. Apatseniko gawo la ndalama poyamba kuti agule ufa ndi ndiwo, yotsalayo mukatsika. Katundu wa munthu mmodzi asapitirire makilogalamu 18. Ngati muli awiri ndi chakudya cha masiku atatu, musamuunjikire munthu mmodzi zikwama zonse kuti musunge ndalama. Anyamatawa amathamanga phiri ngati pabwalo, mpikisano wawo wa chaka ndi chaka ndi umboni, koma msana ndi msana basi.

Njira zokwerera kuchoka ku Likhubula ndi ziwiri zodziwika. Skyline ndi yachidule koma yoimirira, yokafika ku nyumba yogona ya Chambe m'maola atatu kapena anayi. Chapaluka imatsata mtsinje, imadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba, ili ndi mthunzi komanso madzi. Magaidi ambiri amavomera kukutengani tsiku limodzi mpaka ku Chisepo, ulendo wa maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri wokwera mamita oposa 1,300. Zimatheka, koma kwa amene sanazolowere phiri ndi bwino kugona ku Chambe kaye, mawa lake n'kuyenda maola atatu kupita ku Chisepo. Miyendo imene yathera pa tsiku loyamba siichira usiku umodzi.

Nyumba ya Chisepo ili pa mamita pafupifupi 2,200, m'munsi mwenimweni mwa Sapitwa. Musayembekezere hotela. Muli malo osonkhapo moto, matiresi oyala pansi ndi chimbudzi chokumba panja. Magetsi kulibe, sitolo kulibe. Chimene chimaikometsa ndi mlonda: amatunga madzi, amabweretsa nkhuni, amakoleza moto, ndipo mukamupempha amakutenthetserani madzi osamba m'ndowa. Kangachepe kothokoza amayenera kulandira. Chofunda chochindikala, chakudya chonse, machesi, tochi ndi mabatire, pepala lakuchimbudzi, zonsezi n'zanu. Za mapoto ndi mbale funsiranitu pansi, osangoganiza kuti mukazipeza. Mu Juni ndi Julayi chisanu chimagwa usiku, bulangete limodzi silikwana. Nyengo ya tchuthi nyumbayi imadzaza, moti amene wafika mochedwa amagona kutali ndi moto.

Tsiku lopita pansonga ndi limene gaidi amadyera thukuta lake. Mamita 800 okwera otsalawo si njira yoyenda ayi, ndi kukwawa. Mukangochoka panyumba mumakumana ndi matanthwe osalala otsetsereka amene mumakwera ndi manja ndi miyendo, dzanja likufufuza mng'alu woti ligwire. Kenako pamabwera miyala ikuluikulu yosanjikizana, mipata yakuya pakati pake, ndi tinkhalango ta mitengo yaifupi yokutidwa ndi ndere. Chakumapeto kuli malo opanikiza oti mudutse muyenera kuvula chikwama, kuchipatsira kutsogolo, inu n'kulowa chammbali kapena chokwawa. Pamiyala pali zizindikiro za penti yofiira, koma zina zinafufutika, ndipo m'chifunga simuona chotsatira. Gaidi wabwino amakuuzani poponda phazi lililonse, amaima m'munsi mwanu pathanthwe lovuta, ndipo maso ake amakhala kumitambo kuposa kwa inu.

Kukwera kumatenga maola atatu kapena anayi, kutsika pafupifupi chimodzimodzi, chifukwa pathanthwe munthu amatsika chokhala pansi. Nyamukani kukangocha, mochedwa kwambiri 6 koloko. Siyani katundu ku Chisepo, mutenge kachikwama kokha ka madzi malita awiri kapena atatu, mtedza, nthochi kapena buledi, juzi, jekete lamvula ndi tochi. Madzi tungiranitu panyumba, kumtunda si odalirika nyengo yadzuwa. Nsapato zikhale za labala wogwira pamwala, zoti mwaziyendera kale. Zatsopano zimatulutsa matuza musanafike n'komwe ku Chambe, ndipo zosalala pansi zimakusandutsani katundu wa gaidi.

Ngozi zambiri gwero lake ndi nyengo ndi kuumirira. Chiperoni chimabwera kuchokera ku Mozambique makamaka pakati pa Meyi ndi Ogasiti: kumwamba kuli mbee, pasanathe ola chifunga chakuta phiri lonse, kamvula kowaza kanyowetsa thanthwe, mphepo ikulowa m'mafupa. Thanthwe limene munakwera bwinobwino louma limaterera ngati therere. Wonyowa akazizidwa amayamba kunjenjemera, kupunthwa ndi kuyankha zosagwirizana, ndipo pamenepo mumuveke zouma, mumupatse chotsekemera, mutsike naye. Mu 2003 mlendo wa ku Netherlands anasowa atapita yekha ku Sapitwa, ndipo mu 2009 wa ku Brazil anafera komweko atapitiriza ulendo popanda gaidi. Choncho gaidi akati tibwerere, bwererani, ngakhale chipilala cha pansonga chikuoneka. Apa pali kofooka kwa dongosololi: gaidi wina, poopa kukhumudwitsa mlendo ndi kuluza kangachepe kothokoza, amangovomera kupitirira. Muuzeni poyambirira kuti malipiro ake sasintha mukabwerera panjira. Gwirizananinso ola lobwerera, monga 11 koloko, kaya mwafika kaya ayi.

Netiweki ya foni imagwira mwa apo ndi apo, ndipo wovulala amatsitsidwa ndi anthu pamachira, zimene zimatenga maola ambiri. Mankhwala a ululu, bandeji ndi pulasitala tengani zanu. Miyezi ya mvula, Disembala mpaka Marichi, Sapitwa muisiye. Seputembala ndi Okutobala thanthwe limakhala louma, kungoti utsi wa moto wolusa umabisa zigwa. Amene ali ndi vuto la mawondo kapena amachita chizungulire pamalo okwera angagwiritse ntchito gaidi yemweyo pa ulendo wa Chambe, Thuchila ndi Lichenya, wongoyenda m'madambo a pamwamba n'kumagona m'nyumba zosiyanasiyana.