Woyendetsa ndege wa ku America: kukhala pafupi ndi bwalo kapena kupita kuntchito pa ndege?

Kampani imapatsa woyendetsa ndege aliyense bwalo la ndege loyambirako ntchito, monga la mumzinda wa Newark. Wokhala pafupi amangopita pa galimoto. Akakhala wodikira kuitanidwa, amadikirira kunyumba, bola afike pabwalo m'maola awiri kapena atatu. Vuto lake n'loti nyumba za kumeneko n'zodula, ndipo kampani ikatseka bwalolo ayenera kusamuka.

Wokhala kutali amasankha mzinda womukomera, koma amavutika paulendo. Sagula tikiti. Amadikira mpando wotsala, kapena jumpseat, kampando kapadera ka m'chipinda choyendetsera ndege. Kaputeni akhoza kumukaniza, woyendera wa FAA, bungwe la boma loyang'anira za ndege ku America, ndiye amayamba kukhalapo, ndipo ndege ikalemera kwambiri iye ndi amene amatsala. Akalephera kufika kuntchito, mapangano ambiri a ntchito amamuteteza ku chilango pokhapokha atalembetsa pa ndege ziwiri zomwe zikanamufikitsa nthawi yabwino, choncho ntchito ikakhala yoyamba m'mamawa amanyamuka dzulo lake, zomwe zimamudyera tsiku lopuma. Usikuwo amagona mu crash pad, nyumba ya mabedi osanjikiza yomwe ambiri amasonkherana lendi.

Choopsa kwambiri ndi kutopa. Malamulo a FAA okhudza kupuma kwa oyendetsa ndege, otchedwa Part 117, omwe anayamba mu 2014, amafuna maola 10 opuma munthu asanayambe ntchito, koma ulendo wochokera kunyumba suwerengedwa ngati ntchito. Ndege ya Colgan Air 3407 itagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo mu 2009, n'kupha anthu 50, zinadziwika kuti wothandizira kaputeni anachezera paulendo wopita kuntchito kuchokera kumzinda wakutali wa Seattle, atakwera ndege zonyamula katundu.

Kwa woyamba kumene, yemwe amathera masiku ambiri podikira kuitanidwa, kukhala pafupi n'kwabwino kwambiri.