Kunyanyala kapena kudikira kontrakiti ithe?

Kuno ku Chipata, m'malo oonetsera mpira a ku Kapata, mkangano wa momwe wosewera mpira ayenera kuchokera m'timu yake sutha. Ena amayamikira Alexander Isak, amene mu 2025 anakana kusewerera Newcastle mpaka anamugulitsa ku Liverpool pa mapaundi 125 miliyoni. Newcastle inapeza ndalama, inde, koma ochemerera amene ankaimba dzina lake anapwetekedwa mtima kwambiri.

Kylian Mbappé anadikira kontrakiti yake ndi PSG, timu ya ku France, ithe mu 2024, n'kupita ku Real Madrid osagulidwa, ufulu umene chigamulo cha khoti la ku Ulaya cha 1995 pa mlandu wa wosewera mpira Bosman chinapatsa osewera. PSG inatsala chimanjamanja.

Ine ndili kumbali ya wodikira, chifukwa anakwaniritsa zimene anasaina yekha. Komabe nayenso sanachoke mwamtendere: anakasumira PSG pa malipiro a mayuro 55 miliyoni amene ankati sanamupatse.