Foil, épée kapena sabre: lupanga loyenera wachinyamata ndi liti?

Pa masewera a Olimpiki a achinyamata a ku Singapore mu 2010, Nanjing mu 2014 ndi Buenos Aires mu 2018, mpikisano wa malupanga unali wa mitundu itatu: foil, épée ndi sabre. Kholo lisanagulire mwana zida liyenera kudziwa kusiyana kwake.

Foil ndi sabre sizipitirira magalamu 500, pomwe épée imafika magalamu 770.

Pa foil mumabaya ndi nsonga pathunthu pokha, kupatula mikono ndi mutu. Pa sabre mumatha kutema kapena kubaya paliponse kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, kupatula manja. Pa épée thupi lonse limawerengedwa, ngakhale chala cha kuphazi.

Kusiyana kwakukulu kuli pa malamulo. Pa foil ndi sabre, osewera onse awiri akagundana nthawi imodzi, woweruza amapereka pointi kwa amene anayamba kuukira moyenera, ndipo mwana amatenga nthawi kuti amvetse chifukwa chimene nyali yosonyeza kuti wagunda yayakira koma pointi yapita kwa mnzake. Pa épée zoterezi kulibe, chifukwa onse awiri amalandira pointi.

Pa mtengo, épée ndi yopepukirako popeza safuna jekete ya mawaya imene foil ndi sabre zimafuna, jekete yomwe imatha msanga ndi thukuta.

Mwana wodekha, makamaka wamtali, amuyenera épée. Waliwiro ndi wosaopa kuyamba kuukira ayese sabre. Woyamba kumene ndingamulangize foil, chifukwa imaphunzitsa kulunjika ndi kudziteteza.