Vase yopanga nokha: botolo, mapepala, simenti kapena mtsuko wa kumsika?

Amayi anzanga a ku banki mkhonde sakundipumitsa ndi funso limodzi: ma vase oyera oikamo maluwa aja ali pabalaza panu mumawagula kuti? Sindigula ayi, ndinaleka, ndimadzikonzera ndekha. Yomaliza ndinaitenga mu shopu ina m'tauni muno, ya katundu wochokera ku Dar es Salaam wodzera pa Songwe. Apo n'kuti kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ikusintha m'mawa ndi madzulo. Wogulitsa analumbira kuti ndi yadothi lowotcha, siidontha. Ndinathiramo madzi ndi maluwa, kutacha tebulo lonse lanyowa, pansi pake pakuyoyoka ufa woyera. Inali pulasitala wopakidwa penti basi. Nditabwerera nayo anangondilozera chipepala cha pakhoma chija: katundu akatuluka sabwezedwa.

N'chifukwa chake njira iliyonse ndimaiyeza ndi madzi. Ndipo ku Mzuzu kuno madzi si othiramo okhawo. Mvula imatha mochedwa, ndipo mu Juni ndi Julayi nkhungu ndi mawawa zimalowa mpaka m'nyumba, zovala n'kugona pachingwe zisanaume. Zija mumaona pa TikTok zikuuma ola lisanathe si za ku Katoto kapena ku Luwinga.

Yotchipa kuposa zonse ndi ya botolo lagalasi: la wine, la mayonesi, la khofi, lililonse la khosi looneka bwino. Mulinyike m'madzi otentha kuti chipepala chimatuke, mulikande pang'ono ndi sandipepala kuti penti agwire. Kenako tengani penti wa madzi, yemwe uja amatsala mmisiri akamaliza khoma, musakanize ndi soda wophikira therere, kasupuni kamodzi pa masupuni akuluakulu atatu kapena anayi a penti. Amatupa n'kulimba ngati phala la ana. Muzidinda ndi siponji, burashi imasiya mizere. Akauma amakhala wokhakhala, wosanyezimira, munthu n'kumati ndi dothi. Kudontha kulibe poti m'kati ndi galasi. Koma botolo ndi botolo, silingadzaze kona ya pabalaza, ndipo pentiyo amakandika ndi chikhadabo, choncho osalitsuka mu beseni, muzingopukuta. Penti wopopera musataye naye ndalama: ndi wodula, kukazizira amayenderera, ndipo kunyezimira kwake ndiko kumaulula kuti ili ndi botolo.

Ya mapepala ndilibe nayo mawu abwino. Mumata zidutswa za nyuzipepala pa baluni ndi phala la ufa wa kondowole, vase n'kutuluka yaikulu, yozungulira bwino, yopepuka. Koma kuno imachita chuku isanaume m'kati, ndipo phalalo ndi chakudya, mphemvu ndi makoswe sachedwa kudziwa. Mukati mugule guluu wa matabwa, kutchipa kuja kwatha. Yokongoletsera chinkhoswe cha tsiku limodzi, chabwino.

Simenti ndi imene imanyenga anthu ambiri, chifukwa kunena zoona ndi imene imafanana kwambiri ndi ma vase odula aja, ndipo kapangidwe kake si kovuta. Mudula kukamwa chigubu cha malita 5 cha mafuta ophikira, mupaka mafuta m'kati kuti simenti isamatirire, muika botolo laling'ono pakati mutalidzaza miyala kuti lisayandame. Muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wosefa, madzi pang'onopang'ono. Mukathira muzimenya m'mbali kuti thovu lituluke, apo ayi padzakhala timabowo. Pakatha masiku awiri mung'amba chigubucho, kenako mufunditsa chiguduli chonyowa kwa sabata, chifukwa simenti imalimba ikamamwa madzi, ndipo mphamvu yake yonse imafika pa masiku 28. Apa pokha ndi pamene chinyezi cha Mzuzu chimatithandiza: siing'aluka ngati mmene ingachitire pa dzuwa la ku Karonga.

Zimene sakuuzani ndi ndalama zobisika. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, inu mukufuna awiri kapena atatu. Yotsalayo mukaisunga m'nyumba za kuno, mwezi usanathe yasanduka mwala. Mukati mugule ya pa sikelo pa mabenchi a hadiweya, nthawi zambiri imachokera m'thumba lotsegulidwa kalekale. Ikani dzanja, mufinye: ikakhala ndi mibulu yosaphwanyika ndi zala, yafa kale, vase yanu idzanyenyeka m'milomo. Onjezani magolovesi, chifukwa simenti yaiwisi imawotcha khungu, zala zimachita kusenda. Onjezani sandipepala wosalazira, ndi chidutswa cha chubu chomata kunsi, popeza chinthu cholemera choncho chimakanda tebulo lagalasi. Pomaliza penipeni, simenti nayo imamwa madzi, ndipo laimu wake amalowa m'madzimo, maluwa odula n'kufota msanga. Ndiye botolo lapakati lija musalizule, likhale momwemo. Mukawerengera zonsezi pamodzi ndi sabata yodikira, vase imodzi yokha siipindulitsa. Imapindulitsa ngati mukupanga zambiri zogulitsa, kapena pali mnansi amene akumanga woti n'kukupatsani ya m'mbale.

Ine mtima wanga uli pa mtsuko wa kumsika, ndipo sindibisa kuti ndimaukondera. Ma vase ambiri odula amene akuyenda masiku ano amangotengera maonekedwe a mitsuko ya agogo athu: mimba yaikulu, khosi lalifupi, mbali imodzi yopendama pang'ono chifukwa unaumbidwa ndi manja. Ife tikulipira ndalama zambiri pa chotengera pamene chenicheni chili pansi pamsika pafupi ndi mbaula ndi mitondo. Posankha, ugogodeni ndi chala. Ukalira mokweza, ngwe ngwe, ndi wopsa bwino. Ukamveka phwa phwa uli ndi mng'alu ngakhale sukuoneka. Muutsuke, uume ndithu pafupi ndi moto, mupake penti wa soda uja kawiri. Mukafuna uoneke wakalekale, sisitani dothi la katondo kapena phulusa pamwamba penti atauma, n'kupukuta ndi nsanza kuti zitsalire m'makwinya mokha.

Nawonso mtsuko umatuluka thukuta, paja n'chifukwa chake umaziziritsa madzi akumwa. Mukathiramo madzi mwachindunji penti amatukusira n'kusupuka. Dulani botolo la Sobo, mulilowetse m'kati, madzi azikhala mmenemo. Ngati ndi wa udzu wouma kapena ngayaye za bango, botolo silifunika n'komwe. Amene akufunitsitsa chothiramo madzi popanda zonsezi, asunge ndalama akagule za ku Dedza Pottery, zimene zimawotchedwa mu uvuni n'kukutidwa ndi galasi lija losalowa madzi. Kumeneko umadziwa chimene walipira.

Ndiye kwa wa tebulo laling'ono kapena pawindo, botolo lagalasi likukwanira. Wa kona ya pabalaza atenge mtsuko, ndipo amayi ogulitsawo musawanenerere mpaka kuwadyera, mtengo wawo ndi wotsika kale. Kuipa kwake kwina, umasweka. Pochoka nawo kumsika muukulunge m'chitenje n'kuufukata pamiyendo mu takisi. Musakwere nawo sakaramento, njinga za kabaza zija, ngati mukulowera ku Zolozolo kapena ku Mchengautuba.