Kosi ya masheya ndinalipira K90,000 ija, ndikuyankheni nonse kamodzi

Mwakhala mukundifunsa ambiri kuti kosi ya masheya ndinalowa ija inayenda bwanji, kaya nanunso mulowe kaya ayi, ndiye ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi aliyense aziwerengera yekha. Dzina la kosiyo ndi la mwiniwake sinditchula, sindikufuna kuonongera munthu bizinesi, komanso makosi otere achuluka masiku ano moti zomwe ndinene pano mukazipezanso kwina.

Inali ya miyezi itatu, K90,000, makalasi a pa Zoom Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo, gulupu ya WhatsApp, kenako Loweruka limodzi pamwezi timakumana maso ndi maso mu holo ina ku Lilongwe konkuno. Pamwamba pa zimenezo pali gulupu ina ya VIP ya K25,000 pamwezi, kumeneko ndi komwe amakuuzani kuti gulani sheya yakuti sabata ino. Ine ndinalowa zonse ziwiri.

Mwezi woyamba ndilibe nawo dandaulo olo pang'ono. Ndisanalowe ndimaona ngati Malawi Stock Exchange ndi ya mabwana a mataye a ku Blantyre okhaokha, kumeneku ndi komwe ndinadziwira kuti munthu wamba ngati ine ndikhoza kupita kwa stockbroker, amene amakugulira ndi kukugulitsira masheya, ndi chiphaso cha unzika, umboni wa komwe ndimakhala ndi akaunti ya ku banki, nkutsegulitsa akaunti ya CSD yosungiramo masheya basi nkuyamba kugula. Loweruka loyamba lija aphunzitsi anakhala pa benchi ndi bambo ena achikulire opuma ntchito pafupifupi ola lathunthu kuwathandiza kulemba mafomu, mzere ndi mzere, osatopa nawo ngakhale bambowo amafunsa chinthu chimodzi katatu. Zinandigwira mtima zimene zija. Ndipo kufotokoza amatha, zoona. Nkhani ya P/E, kuyerekeza mtengo wa sheya ndi phindu la kampani, imene inkandizunguza mutu anaimasula ndi minibasi: mukagula minibasi ya K20 miliyoni ndipo pachaka ikukusiyirani K4 miliyoni mutachotsa mafuta, dalaivala ndi makaniko, ndiye kuti ndalama yanu ibwerera pa zaka zisanu, P/E yake ndi 5, wina akakutsatsani minibasi yomweyo pa K60 miliyoni mudziwe kuti mudikira zaka 15. Mpaka lero ndikatsegula lipoti la kampani ndimaona minibasi imeneyi. Za dividendi, phindu limene kampani imagawira eni masheya, za msonkho umene amadula pa dividendi, za komishoni ya broker, zonsezi anatiphunzitsa bwinobwino.

Vuto langa lili pa chimene kosiyi imagulitsa kwenikweni. Kalasi iliyonse imayamba ndi sikirinishoti imodzimodzi, masheya a FDH Bank amene aphunzitsi anagula pa K10 imodzi pomwe bankiyo imalowa pa msika mu 2020, ndi a Airtel Malawi a pa K12.69 chaka chomwecho, kenako amaonetsa mtengo wa lero nkunena kuti mwaona mabwana, ili ndi luso, ine ndinaziona kale anthu ali mtulo. Ndalamazo anapezadi, sindikukana, FDH inadutsa K100 kalekale. Koma tiyeni tiziona bwino. Ma IPO awiri aja, kugulitsa masheya kwa anthu koyamba kampani ikamalowa pa msika, amalengezedwa pa wailesi ndi m'manyuzipepala, aliyense amene anali ndi kangachepe amaitanidwa. Mlamu wanga anagula nawo FDH chifukwa anzake a ku ntchito amapita kukalemba mafomu nthawi ya lanchi iye nkungowatsatira, sanawerengepo lipoti la kampani chibadwire, koma pa sheya iliyonse wapindula chimodzimodzi ndi aphunzitsi athu. Ndiye luso lili pati pamenepa?

Chimene chinakweza masheya amenewa tonse tinachiona ndi maso. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Mitengo ya zinthu imakwera cha m'ma 30 peresenti pachaka, ndalama ukaisiya mu akaunti imangosungunuka, madola osapezeka, ndiye amene anali ndi ndalama anathamangira ku masheya. Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake mpaka 26 peresenti mu 2024 ndipo mabanki amabwereketsa boma ndalama zambiri pa chiwongoladzanja chokwera, phindu lawo nkumangotumphuka. Onjezerani ndalama za penshoni zomwe mwezi ndi mwezi zimafuna kolowera pa msika woti makampani ake safika ndi 20 omwe. Ndani mu 2020, mkati mwa Covid, akanalosera zonsezi motsatana chonchi? Kwathu chaka cha mvula yabwino nkhokwe zimadzaza mudzi onse, ndi amene anadzala mochedwa omwe, mlimi weniweni timakamudziwira chaka cha ng'amba. Aphunzitsi athu ng'amba ya pa msika sanaionepo, anayamba kugula mvula itayamba kale.

Loweruka lachiwiri ndinaimika mkono. Ndinati aphunzitsi, mungationetseko zonse zomwe mwagulapo chiyambireni, ndi zomwe zinakugwetsani zomwe, tiyerekeze ndi MASI, muyeso wa mitengo ya msika onse uja, tione ngati kusankha kwanu kwaposa munthu amene anangogula pang'onopang'ono paliponse? Anaseka nkunena kuti bwana wanga, mukachulutsa mafunso mupeza anzanu adya kale. Holo yonse inaomba m'manja. Ndinakhala pansi koma mtima sunakhazikike, chifukwa funso lija silinali lowachititsa manyazi, ndimafunadi kudziwa, ndalama ndimaikamozi ndi za thukuta.

Ndiye ndinayamba kufufuza ndekha usiku, ndipo ndinayambira pa Warren Buffett, katswiri wa masheya wotchuka wa ku America, chifukwa nkhope yake ili pa positala ya kosiyi. Mu 1984 pa yunivesite ya Columbia bamboyu anapereka chitsanzo chimene ndikanakonda chikanakhala phunziro loyamba la kosi yathu. Anati tiyerekeze anthu 225 miliyoni a ku America akuponya ndalama yachitsulo m'mwamba m'mawa uliwonse nkumalosera mbali imene igwere, wolakwa akutuluka nkusiyira opambana dola yake. Pakatha masiku 20 patsala anthu pafupifupi 215 amene alosera molondola ka 20 konse, aliyense ali ndi ndalama yoposa 1 miliyoni ya madola, ndipo anthu amenewa ayamba kudzitama nkumaphunzitsa anzawo kaponyedwe ka ndalama. Koma Buffett sananene kuti zonse ndi mwayi ayi. Mfundo yake inali yoti ukapeza kuti ambiri mwa opambanawo anaphunzira kwa munthu mmodzi, Benjamin Graham, akutsata njira imodzi yogula kampani pa mtengo wotsika kuposa mmene ikuyenera kukhalira, koma aliyense akugula makampani osiyana ndi mnzake nkumapambanabe zaka zambirimbiri, pamenepo ndiye pali china choposa mwayi. Luso lilipo ndithu, kungoti umboni wake umafuna zaka zochuluka ndi mabuku onse poyera, osati sikirinishoti ya masheya awiri.

Ndipo ngakhale zaka zochulukazo zimatha kunamiza. Bill Miller wa ku Legg Mason, kampani yoyendetsa ndalama za anthu, anaposa S&P 500, muyeso wa masheya a makampani akuluakulu 500 a ku America, zaka 15 zotsatizana, kuyambira 1991 mpaka 2005, anthu nkumati uyu ndiye katswiri wa akatswiri, koma mu 2008 thumba la ndalama za anthu lomwe amayendetsa linataya ndalama zoposa theka. Buffett yemweyo anabetcherana 1 miliyoni ya madola ndi kampani ya Protégé Partners kuti kuyambira 2008 mpaka 2017 thumba wamba longogula makampani onse 500 a mu S&P 500 osasankha liposa ma hedge fund, matumba a ndalama oyendetsedwa ndi akatswiri, osankhidwa ndi akadaulo. Thumba wambalo linakwera pafupifupi 126 peresenti, mbali ya akadaulo cha m'ma 36 basi, ndipo china chimene chinawadya ndi ndalama zomwe akadaulowo amadzidulira ngati malipiro. Zimenezi ndi za ku America, msika wathu ndi wina, ndikudziwa, koma ngati anthu a makompyuta ndi madigiri amene amagwira ntchito imeneyi tsiku lonse zikuwakanika chonchi, ndiye mauthenga a pa WhatsApp a K25,000 pamwezi angatani?

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi kafukufuku wa Brad Barber ndi Terrance Odean, anaona maakaunti a mabanja oposa 66,000 kuyambira 1991 mpaka 1996. Amene amagula nkugulitsa pafupipafupi amapeza 11.4 peresenti pachaka pomwe msika umapereka 17.9. Ndiye gulupu ya VIP ntchito yake ndi imeneyo kumene, sabata ino gulani iyi, sabata ya mawa tulukani lowani iyo, komishoni ikudulidwa polowa ndi potuluka pomwe.

Ine zinandionekera chonchi. Uthenga unabwera usiku kuti kampani yakuti yatsala pang'ono kuphulika, lowani msanga. Ndinaika K400,000. Mtengo unangoima, kenako kutsika pang'ono, zimenezo sindinadandaule nazo kwambiri. Koma itakwana nthawi ya fizi ya mwana ndinauza broker kuti agulitse, oda yanga inakhala masabata atatu osapezeka ogula, m'mawa uliwonse ndikuimba foni mtsikana wa ku ofesi kuja akungoti bambo pepani palibebe akufuna. Fizi ndinachita kukabwereka kwa achimwene anga. Pa miyezi itatu yonse palibe tsiku limene anatiuza kuti pa msika wathu masheya ena amatha masiku osagulidwa olo imodzi, kuti mtengo umene ukuuona pa foni si ndalama ya m'thumba mpaka atapezeka munthu woti akugule. Kwa munthu wa ku Malawi limeneli ndi phunziro lalikulu kuposa ma chart onse amene tinajambula. Nditalemba zimenezi mu gulupu, mwaulemu ndithu, adimini anafufuta uthenga wanga pasanathe mphindi khumi nkundilembera kumbali kuti ndikufooketsa anzanga. Ndipamene ndinamvetsa chifukwa chake mu gulupu muja mumangooneka maumboni a opindula okhaokha.

Ine ndiye bola, ndinali ndi kothawira. Muli mayi ena mu gulupu muja, amagulitsa zitenje, anakatenga ngongole ku banki nkhonde ya 20 peresenti pamwezi kuti alowe pa sheya yomweyo chifukwa anamva kuti aphunzitsi salakwitsa. Anandiimbira ataona uthenga wanga usanafufutidwe, mawu akunjenjemera, kufunsa kuti achimwene ndiye nditani. Akulu anati mwayi wa mnzako sagonera pabwalo, koma mayiwa sanagone pabwalo mwa okha, anachita kuuzidwa kuti si mwayi, ndi luso loti likhoza kugulidwa pa K25,000. Apa ndi pomwe kosiyi ndimaiimba mlandu. Aphunzitsi akanangonena kuti anzanga, ine ndinagula nthawi yabwino, china ndinachita bwino ndi kusagulitsa msanga, za mawa sindikudziwa, musaikemo ndalama ya ngongole kapena ya fizi, bwenzi ndikuwatumizira anthu ndi mtima onse. Chifukwa kugwira masheya zaka zinayi zisanu osagulitsa pomwe mtengo wawirikiza kawiri ndipo nyumba ikufuna malata, kumeneko ndi kupirira kwenikweni ndipo ndimawapatsa ulemu pa chimenecho. Koma chimenecho sachiphunzitsa, amaphunzitsa zosiyana nacho.

Ndiye amene mukufunsa kuti mulowe, ngati simukudziwa olo poyambira ndipo K90,000 siikupwetekani, mwezi woyamba uja mupindula nawo, ngakhale zambiri za kutsegula akaunti broker aliyense akhoza kukufotokozerani ulele mukapita ku ofesi kwake. Ya VIP ija ayi, musalowe. Ndipo kosi iliyonse imene mungaipeze, mufunseni mwiniwake funso ndinafunsa lija, zonse zomwe anagula, zaka zingati, poyerekeza ndi MASI, muone ngati atulutse pepala.

Ine VIP ndinatulukamo mwezi wachitatu usanathe. K25,000 ija pano ndimaiphatikiza ndi ina pang'ono nkumagula masheya miyezi iwiri iliyonse, makampani angapo osiyana mabizinesi, ndipo ndili ndi kope momwe ndimalemba tsiku, mtengo ndi chifukwa chimene ndagulira, kuti zaka zikubwerazi ndidzathe kuona ndekha ngati zifukwa zangazo zinali zoona kapena msika unangondinyamula. Mayi a zitenje aja masheya awo anagulika patatha mwezi ndi theka, pa mtengo wotsikirapo, ngongole ya ku banki nkhonde atsala ndi miyezi iwiri kuti amalize.